MAU A M'KANEMA WOTUMIZA KU WAILESI

 Nkhani yathu ya lero si ya mbeu kapena ya manyowa ai. Tikambirana za kanema amene anyamata ndi atsikana anu amajambula ndi foni, namukonza, namutumiza ku nyumba za wailesi kuti akaulutsidwe. Makamaka tikamba za mau a m'kanemamo, pakuti bvuto lalikulu lagona pamenepo.

Akulu-akulu mukumbukira kuti pamene napolo anagumuka ku Phalombe m'mwezi wa March 1991, m'dziko muno munalibe foni ya m'manja, ndipo wailesi ya kanema inali isanayambe, popeza inayamba mu 1999. Anthu a kutali anamva za tsoka lija pa wailesi ya MBC ndi m'manyuzipepala basi. Koma pamene namondwe wa Freddy anafika m'mwezi wa March 2023, anthu a m'midzi ya Mulanje ndi Phalombe anajambula okha madzi, matope ndi miyala yotsika m'phiri, ndipo zithunzi zao zinafika kutali pamene miseu inali chidukire. Tsopano mudzi ungathe kudzinenera wokha, ngati wadziwa njira yake.

Tiyerekeze kuti mlatho wa pa mtsinje wina waonongeka. Ana alephera kuoloka kunka ku sukulu, ndipo amai alephera kufika ndi chinanazi chao pa Chitakale. Afumu aitana mnyamata wodziwa foni, naimirira pa mlathopo, nafotokoza zonse mwa ulemu ndi mwa nzeru. Mnyamata adula-dula, alumikiza, atumiza. Mudzi wonse utchera khutu pa nthawi ya nkhani; sabata ipita, yachiwiri ipitanso, kuli zii. Pamenepo anthu ayamba kudandaula kuti a wailesi ali ndi tsankho, za kumudzi sazifuna. Koma nthawi zambiri chimene chachitika nchakuti mkonzi wa ku wailesi anatsegula kanema uja, naona afumu ali kuyendetsa milomo, koma chomveka chinali mkokomo wa madzi ndi mphepo.

Chithunzi choipa mkonzi angathe kuchibisa. Ngati foni inagwedezeka, iye aika pamenepo chithunzi cha mlatho kapena cha phiri, mau a afumu napitirira pansi pake. Koma mau oipa alibe chowabisira. Ndiponso nyumba ya wailesi ya mau okha itaya zithunzi zonse nitenga mau okhawo. Inu alimi mudziwa kuti pa msika kalaliki sayang'ana kukongola kwa thumba; apisa dzanja m'kati kuti aone ngati nandolo wauma, kenaka aika pa sikelo. Nazo nyumba za wailesi ziri ndi masikelo ao oyesera mau, ndipo nkwabwino kuwadziwa musanatumize katundu.

POJAMBULA

Tisanafike pa masikelo, tiyambe ndi mtsinje, chifukwa inu a ku Likhubula mumakhala nao pafupi. Khutu la munthu liri ndi nzeru: munthu wobadwira pa mtsinje saumvanso mkokomo wake, amva mnzake yekha amene ali kulankhula naye. Foni iribe nzeru imeneyo, imeza zonse pamodzi. Mnyamata akaima mapazi khumi kuti afumu aoneke thupi lonse pamodzi ndi mlatho, madzi apambana afumu. Lamulo lake ndi ili: mukafupikitsa ndi theka mtunda wa pakati pa kamwa ndi foni, mphamvu ya mau ofika pa foni ichuluka kanai, koma mkokomo wa mtsinje ukhala monga unaliri. Munthu amene anaima mapazi anai akasendera kufika pa phazi limodzi, mau achuluka mphamvu ka 16. Chifukwa chake ngati pali mafoni awiri, imodzi ijambule chithunzi patali, ina ikhale pafupi ndi chifuwa cha wolankhula kutenga mau okha. Poyamba wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa mafoni onse awiri, kuti pokonza mudzapeze polumikizira mau ndi chithunzi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958 kujambula nyimbo za m'midzi, ankagwira maikolofoni m'manja mwake, nasendera nayo kwa woyimba kapena kwa ng'oma monga kunafunikira, ndipo nyimbo zimene anajambula zimvekabe bwino mpaka lero.

Mphepo nayo ndi mdani. Masiku a chiperoni, kapena madzulo pamene mphepo itsika m'phiri, iomba pa kabowo ka maikolofoni nimveka ngati bingu. Wolankhula afulatire mphepo kuti thupi lake litchinge foni, ndipo pa kabowoko mukulungepo kansaru kofewa, ngakhale sokosi yoyera. Musathawire m'kalasi kapena m'tchalitchi mopanda anthu, pakuti makoma a simenti abweza mau, munthu namveka ngati ali m'mgolo. Denga la malata mvula ikamagwa ndiye losayenera konse. Nyumba ya udzu yokhala ndi mphasa ndi katundu m'kati imveketsa mau bwino kopambana holo ya sukulu. Nkhuku, ana ndi chigayo, zimenezo afumu adziwa okha mowatontholetsera kwa mphindi khumi. Koma chigayo chingafune kupepesa mwini wake.

Palinso kusefukira. Makina ali ndi malire a mau amene angathe kusenza, ndipo pa muyeso wao malirewo alembedwa 0. Pansi pake pali -6, -12 ndi kutsika. Munthu akakuwa, kapena ng'oma ikalira pafupi kwambiri, mau agunda pa 0 naphwanyika, namveka mokhadzula ngati sipika yong'ambika. Mau ochepa angathe kukwezedwa pambuyo pake, koma ophwanyika akhala ophwanyika. Ngati foni ionetsa muyeso, mau azivina pakati pa -12 ndi -6.

POTULUTSA KANEMA M'MAKINA

Mnyamata akatha kudula ndi kulumikiza, pa foni kapena pa kompyuta, atsala ndi nchito imodzi, ndiyo kusindikiza batani lolembedwa Export, limene limanga zonse kukhala fayilo imodzi yoti itumizidwe. Ambiri asindikiza mofulumira osawerenga manambala ali pamenepo. Manambala amenewo ndiwo masikelo aja, ndipo inu mafumu mungathe kuwafunsa ngakhale simunagwirepo kompyuta.

Nambala yoyamba ndi 48,000, ndipo pa makina ilembedwa 48 kHz. Mau ndiwo kunjenjemera kwa mpweya. Makina satha kusunga kunjenjemerako kwathunthu. Amangotapa pang'ono-pang'ono mofulumira kwambiri, nalemba chimene apeza. Khutu la mwana wabwino-bwino limva kunjenjemera kofika pafupi 20,000 pa sekondi imodzi, ndipo kuti makina asataye kanthu ayenera kutapa koposa kawiri pa chiwerengero chimenecho. Opanga ma CD a nyimbo anasankha kutapa ka 44,100 pa sekondi, koma a wailesi ya kanema pa dziko lonse anagwirizana pa 48,000. Kusiyana kwake kuoneka kochepa, ndipo makina abwino asandutsa okha popanda bvuto. Koma fayilo ya 44,100 ikalowa m'makina amene aiwerenga ngati ya 48,000 osaisandutsa, mau athamanga. Nkhani ya mphindi 10 itha pa mphindi 9 ndi masekondi 11, liu la afumu likwera nilikhala ngati la mnyamata, ndipo pakutha pa mphindi yoyamba mau akhala atatsogola milomo ndi masekondi pafupi asanu. Munthu wolemekezeka asanduka choseketsa ana. Tsono sankhani 48,000 kuyambira pojambula mpaka potulutsa.

Wina angaganize zomuimbira foni nyakwawa wa kutali ndi kujambula mau ake pa foniyo, kenaka nkuwatulutsa pa 48,000. Zimenezo sizionjeza kanthu. Kuimbirana kwa masiku onse kutapa ka 8,000 kokha pa sekondi, nchifukwa chake munthu amveka wopyapyala pa foni, ndipo ufa wa m'kapu ukauthira m'dengu suchuluka.

Chachiwiri ndi mtundu wa fayilo, ndipo apa tikhalitsapo pang'ono. Pali mtundu wochedwa WAV, umene usunga zonse zimene makina anatapa osataya kanthu. Ndi wolemera: mau a mbali ziwiri a 48,000 ndi 16 bit adya ma MB 11 ndi theka pa mphindi imodzi. Ndiye pali MP3 ndi AAC, imene ipeputsa fayilo potaya tizigawo ta mau timene makina aganiza kuti khutu silitizindikira. MP3 ya 128 kbps idya pafupi MB imodzi pa mphindi, ndiye kuti fayilo yachepa ka 12. Kupeputsa koyamba sikumveka kwenikweni. Choipa ndi kubwereza. Foni ipeputsa pojambula, pulogalamu yokonzera ipeputsanso potulutsa, WhatsApp ipeputsanso potumiza, mnzanu wa ku Limbe aikonzanso naitumiza, ndipo nyumba ya kanema nayo iyenera kupeputsa poulutsa kuti ifike pa dikoda yanu. Nthawi iri yonse patayika kanthu, monga chimanga chokonola kasanu. Pofika kwa womvera, zilembo za s ndi ts zimveka ngati munthu ali kulankhula m'madzi, ndipo Chichewa chathu, ndi Chilomwe chomwe, chikataya tizilembo timeneti mau asokonezeka.

Nyumba zazikulu za kanema za ku Britain, monga BBC, zifuna mau osapeputsa a 48,000 ndi 24 bit, ndipo zibweza pulogalamu yosafika pamenepo. Mudzi sungafike pa zonse zimene iwo afuna, koma ungathe kuchita ziwiri. Kanema wa pa foni atuluka m'fayilo ya MP4, ndipo mau a m'kati mwake akhala a AAC. Pamene pulogalamu ilola kusankha, sankhani nambala yaikulu, 256 kapena 320 kbps. Ndipo ngati mungathe, tulutsaninso mau okha pa WAV, muwatumize pambali pa kanemayo. Potumiza pa WhatsApp musasankhe pa zithunzi. Sankhani polembedwa Document, pakuti potero fayilo ipita monga iriri osafinyidwanso. Bandulo idyeka yambiri, nzoona. Ngati kalabu ya alimi iribe ndalama imeneyo, ikani fayilo pa memori khadi kapena pa fulashi, mupatsire munthu wokhulupirika amene ali pa ulendo.

Chachitatu ndi mbali za mau. Makina a masiku ano asunga mau pa mbali ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja, ndipo mnyamata wokonza ndi zomvetsera za m'makutu amva mbali zonse. Koma taganizani za wailesi imene iri pa khonde panu. Kuyambira wailesi ija ya Saucepan Special imene inafika mu 1949, imene makolo athu ankamvera nayo Chinyanja chochokera ku Lusaka, mpaka kawailesi ka solala ka lero, wailesi ya m'mudzi kawiri-kawiri iri ndi sipika imodzi, ndipo iphatikiza mbali ziwirizo kukhala imodzi. Ngati maikolofoni ya pa malaya inalemba mau kumanzere kokha, pophatikiza mau a afumu atsika, koma nyimbo imene iri mbali zonse ikhala yamphamvu. Choopsa koposa chichitika pamene waya walumikizidwa mopotoka, kotero kuti mbali imodzi ikankha pamene inzake ikoka. M'zomvetsera za m'makutu munthu amvekabe. Koma pa sipika imodzi mbali ziwirizo zithetsana mphamvu, monga amuna awiri ofanana nyonga okankha chitseko chimodzi, wina kunja wina m'kati, ndipo liu lizimirira pafupi lonse. Mankhwala ake ndi apafupi. Mau a munthu wolankhula akhale ofanana pa mbali zonse ziwiri, chimene pa makina chichedwa mono, ndipo musanatumize mumvetsere pa kasipika kamodzi, osati m'makutu mokha.

Chachinai ndi kukwera kwa mau. Nonse munaonapo kuti nkhani zikatha, kulengeza malonda kubwera mokuwa, munthu nathamanga kukatsitsa wailesi. Chimenechi chinabvuta maiko ambiri, chifukwa kale ankayesa nsonga yokha ya mau, osati kulemera kwake m'khutu. Mu 2006 bungwe la maiko loona za mauthenga, la ITU, linakhazikitsa njira yoyesera kukwera kwa mau monga khutu limvera, ndipo mu 2010 bungwe la nyumba za wailesi za ku Ulaya, la EBU, linatulutsa lamulo lochedwa R128. Lamuloli linena kuti pulogalamu yonse, poiyesa kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ikhale pa -23 LUFS, ndipo nsonga yake isapitirire -1. A ku America anasankha -24. Koma pa intaneti, monga pa YouTube, mau akhala okwera, cha pa -14. Anyamata athu anaphunzirira kukonza kanema pa intaneti, tsono makutu ao anazolowera kukweza, ndipo aganiza kuti kukwera ndiko kumveka. Kanema wotere akafika ku wailesi, makina a kumeneko amupanikiza, mau namveka othinana. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere yochedwa Audacity imene itha kuika mau pa -23 LUFS mwa kusindikiza pang'ono chabe. Komabe nyumba iri yonse iri ndi muyeso wake umene itsata, ndipo chanzeru ndi kuimba foni kwa mkonzi musanatulutse, ndi kumufunsa kuti, "Kodi mau mufuna a mtundu wanji, ndipo akwere kufika pati?" Mkonzi akondwa nalo funso limeneli, chifukwa limuchepetsera nchito.

Za zithunzi tinenapo chimodzi chokha, chifukwa chikhudza milomo. Kanema ndiwo zithunzi zambiri zotsatizana. Kuno kwathu, kumene magetsi agunda ka 50 pa sekondi, wailesi ya kanema ionetsa zithunzi 25 pa sekondi. Ku America, kumene agunda ka 60, ionetsa pafupi 30. Mafoni ambiri abwera atachedwa pa 30, ndiponso ena asintha-sintha liwiro lao kukada kapena foni ikatentha, ndipo pa nkhani yaitali mau ndi milomo ziyamba kusiyana. Ngati foni ilola 25 kapena 50, sankhani pamenepo, ndipo potulutsa sankhani 25. Mukatha, onani kanema yense mpaka kumapeto, pakuti kusiyanako kuonekera kumapeto, osati poyamba. Kumbukiraninso kuti mau ayenda pang'ono-pang'ono, mamita pafupi 340 pa sekondi. Wojambula gule ali pa mtunda wa mamita 100 apeza kuti dzanja ligunda ng'oma, kulira nikufika mochedwa ndi gawo limodzi la magawo atatu a sekondi. Pamenepo foni sinalakwe, wojambula ndiye anaima patali.

GAWO LA MAFUMU

Anyamata akonda kuika nyimbo pansi pa mau. Akanizeni. Nyimbo ikasakanizidwa ndi mau m'fayilo imodzi, mkonzi alephera kuichotsa bwino, ndipo sangathe kudula pakati pa nkhani popanda nyimbo kudumpha. Ndiponso nyimbo iri ndi mwini wake, ndipo m'Malawi muno bungwe la COSOMA liyang'anira za malipiro a eni nyimbo. Nyumba ya wailesi singafune kulowa m'mlandu chifukwa cha nyimbo imene mwana wanu anatola pa foni ya mnzake. Ngati mufuna kuti pamveke za kwanu, jambulani padera mphindi imodzi ya mtsinje wa Likhubula, kapena ya makasu m'munda, kapena ya amai oimba amene abvomera, mutumize ngati fayilo ina. Mkonzi aika yekha pamene afuna.

Tsono chinthu chimene ife tiona kuti nchachikulu kwa inu mafumu ndi ichi. Kudula mau ndi mphamvu. Munthu anganene kuti, "Sitikana kuti mitengo ya mkungudza itetezedwe, koma tipempha kuti anthu athu apeze podyera," ndipo mpeni wa wokonza ukadutsa pakati, patsala theka limene mwini wake sangalizindikire. Mnyamata sachita dala. Afuna kufupikitsa kuti bandulo ikwane. Koma mau akauluka pa mphepo sabwerera, ndipo woitanidwa kukayankha ku boma ndi afumu, osati mnyamata. Chifukwa chake fayilo isatuluke m'mudzi afumu ndi onse olankhulamo asanaimvere yonse, pa kasipika kamodzi kaja, pamaso pa nduna ziwiri kapena zitatu. Munthu amene sanabvomere kujambulidwa achotsedwe, ndipo mwana asaonekemo popanda chilolezo cha makolo ake. Pa kumvetsera komweko mudzazindikira ngati mtsinje wapambana mau: funsani gogo wina amene sanalipo pojambula kuti abwereze zimene wamva. Akalephera, bwererani mukajambulenso, ngakhale kuli kutali.

Pamodzi ndi fayilo tumizani kalata yaifupi. Mulembemo dzina la mudzi, la gulupu ndi la mfumu yaikulu, tsiku lojambula, maina ndi maudindo a olankhula monga alembedwera, chinenero chimene alankhula, kutalika kwa kanema pa mphindi ndi masekondi, ndi nambala ya foni ya munthu amene angayankhe mafunso. Poyamba ndi potsiriza pa kanema pakhale masekondi awiri kapena atatu opanda kulankhula, kuti mkonzi apeze pogwira. Ndipo zimene munajambula poyamba, zosadula zija, musazifufute msanga pofuna malo m'foni. Zisungeni pa memori khadi ya padera kwa mlembi wa mudzi kufikira nkhani itaulutsidwa, pakuti mkonzi angathe kuimba foni kupempha mau oyambawo kuti akonze yekha ndi makina ake.